N'chifukwa chiyani wokagona m'chipululu amauzidwa kuti atenge jekete?

Kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la Morocco, pafupi ndi malire a Algeria, kuli mudzi wotchedwa Merzouga. Kuseri kwa mudziwu n'kumene kwayambira milu ya mchenga ya Erg Chebbi, ina yotalika mpaka mamita pafupifupi 150. Anthu ambiri kumeneko amapeza ndalama potenga alendo pa ngamila dzuwa likapendeka. Amayenda nawo ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono, kukawagoneka m'matenti pakati pa mchenga, n'kubwerera nawo m'mawa dzuwa likungotuluka. Ndi ulendo wa usiku umodzi basi. Koma mlendo asananyamuke amamuuziratu zoti atenge: madzi okwanira, nsalu yaitali yokulunga kumutu ndi kumaso, nsapato zotseka, komanso jekete yochindikala.

Jekete m'Sahara? Si kuja timamva kuti n'kotentha ngati m'ng'anjo ya njerwa? Inde n'komweko, ndipo jeketeyo ndi yofunikadi. Pafupifupi chilichonse chimene mlendo ameneyu amakumana nacho, kuyambira pokwera ngamila mpaka pobwerera, chili m'buku lanu la Physics la Fomu 3 ndi Fomu 4. Chinanso n'chakuti zambiri mwa izo mumaziona kale kuno ku Chikweo, kungoti palibe amene anakuuzani kuti n'zomwezo.

Kuno kwathu chipululu kulibe. Akatswiri amati malo ndi chipululu ngati mvula yake pachaka siifika mamilimita 250, ndipo ya ku Machinga m'chaka chabwinobwino imaposa pamenepa katatu kapena kupitirira. Chimene chimaumitsa Sahara si dzuwa lokha ayi. Mpweya wofunda umakwera m'mwamba chapakati pa dziko lapansi, n'kusiya mvula yake konko. Ukauma umayenda m'mwambamo n'kukatsika cha pa madigiri 30 kumpoto ndi kum'mwera. Mpweya wotsika umapanikizika n'kufunda, ndiye mitambo siipangika. Merzouga ili cha pa madigiri 31 kumpoto. Kumbali yathu ino lamba yemweyo ndi amene akuthandiza kuumitsa Kalahari ndi Namib, kumene ku Swakopmund alendo amakweranso ngamila. Ife tili cha pa madigiri 15 kum'mwera, pomwe mvula ya dzinja imatifikabe. Sahara yonse ndi yaikulu kuposa Malawi ka 70, ndipo mbali yake yaikulu si mchenga, ndi miyala ndi nthaka youma gwa. Mchenga wa pazithunzi uja ndi gawo lochepa chabe.

Mchenga wa masana

Otsogolera alendo sanyamuka masana. Amadikira kuti dzuwa lipendeke, ndipo chifukwa chake aliyense amene anayendapo wopanda nsapato pamchenga wa m'mphepete mwa Chiuta mwezi wa Okutobala akuchidziwa. Mchenga umawotcha mapazi, koma ukangolowa m'madzi, omwe awombedwa ndi dzuwa lomwelo tsiku lonse, umamva kuzizira.

M'buku mumachitcha specific heat capacity. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi ikwere ndi 1°C imafuna 4,200 J. Kilogalamu ya mchenga wouma imangofuna pafupifupi 800 J. Ndiye tiyeni tipatse chilichonse 42,000 J. Madzi akwera ndi 10°C. Mchenga ukwera ndi madigiri opitirira 50. Mphamvu yofanana, zotsatira zosiyana kasanu.

Ophunzira ambiri pamayeso amathera pomwepa, koma nkhani siinathe. Kuwala kwa dzuwa kumalowa m'madzi mpaka pansi ndithu, mafunde amasakaniza madzi a pamwamba ndi a pansi, ndipo ena amasanduka nthunzi n'kuthawa ndi kutentha. Mchenga ulibe mwayi umenewu. Kuwala konse kumathera pamwamba penipeni, ndipo pakati pa timchenga pali mpweya, womwe sudutsitsa kutentha bwino. Masana kukakhala kopanda mitambo, dzuwa limathira pafupifupi 1,000 W pa square metre iliyonse, ndiye mphamvu yonse imene mchenga wayamwa imaunjikana m'kagawo ka masentimita ochepa. N'chifukwa chake pamwamba pa mchenga pamatha kupitirira 70°C. Mu 2005 makina a m'mlengalenga a NASA anayeza 70.7°C pa nthaka ya chipululu cha Lut ku Iran. Musasokoneze nambala imeneyi ndi ya kutentha kwa mpweya, komwe a zanyengo amayeza pamthunzi, chapamwamba pang'ono kuchoka pansi. Kwa mpweya, nambala yaikulu yomwe inalembedwa ndi 56.7°C, ku Death Valley ku America, pa 10 Julayi 1913.

Kumbani dzenje pamchenga wotenthawo mpaka pofika chigongono, mupeza pansipo pali pozizira. Abuluzi, zinkhanira ndi tinkhandwe ta m'chipululu amabisala kumeneko masana. Galu wa kwanu akamakumba pansi pa mtengo wa mango asanagone, akuchita Physics yomweyi.

Mlendo akamayang'ana kutali amaona ngati kuli dambo la madzi. Inunso mumaliona dambo limeneli pamsewu wa tala wa pakati pa Liwonde ndi Balaka nthawi yotentha, minibasi ikamayandikira n'kumathawa. Mpweya wogundana ndi nthaka yotentha umapepuka kuposa wa pamwamba pake, ndipo kuwala kumathamanga pang'ono m'mpweya wopepuka. Choncho kuwala kochokera kumwamba, kobwera mopendekera kwambiri, kumapindika pang'onopang'ono mpaka kutembenukira m'mwamba n'kulowa m'diso lanu kuchokera pansi. Ubongo wanu unazolowera kuti kuwala kumayenda molunjika, ndiye ukaona mtambo uli pansi umangoti ndi madzi. Imeneyi ndiyo mirage. Si maloto kapena matsenga, kamera ya foni imaijambula bwinobwino.

Phazi la ngamila ndi tayala la kabaza

Apa ndikufuna tichedwepo, chifukwa funso la pressure silisowa pamayeso, ndipo yankho loloweza lija, lakuti ngamila ili ndi mapazi aakulu, ndi theka chabe.

Pressure ndi force kugawa ndi area. Tiyeni tigwiritse ntchito manambala oyerekeza. Ngamila ya makilogalamu 500 yanyamula munthu wa makilogalamu 60, zonse pamodzi 5,600 N. Phazi lake lili ndi zala ziwiri zolumikizidwa ndi kathumba kofewa kamene kamatambasuka likaponda. Tinene kuti lililonse ndi 300 cm², onse anayi 0.12 m². Gawani, mupeza pafupifupi 47,000 Pa. Tsopano tengani ng'ombe ya pangolo ya makilogalamu 400, ziboda zake zinayi zikwane 0.04 m². Imeneyo ndi 100,000 Pa, yoposa ya ngamila kawiri ngakhale ng'ombeyo ndi yopepukirapo.

Nanga njinga? Tayala lopopa limakanikiza pansi ndi pressure pafupifupi yofanana ndi ya mpweya uli m'kati mwake, ndipo wakabaza amapopa zolimba, mwina 300,000 Pa kapena kupitirira. Ndiye chifukwa chake akafika pamchenga wa njira zopita kunyanja amakuuzani kuti, "Tatsikani kaye akulu, tikankhe." Si ulesi ayi. Tayala likupyola mumchenga ngati mpeni, ndipo mphamvu yake yonse ikuthera kukankha mchenga wa kutsogolo kwa tayalalo. Oyendetsa magalimoto m'chipululu amachita zooneka ngati zotsutsana ndi nzeru: amaphwetsa matayala dala asanalowe mumchenga. Mpweya ukachepa tayala limaphwatalala, area imakula, pressure imatsika, galimoto n'kumayenda pamwamba. Akabwerera pa tala amapopanso.

Wina wochenjera atenga kale cholembera. Munthu wa 600 N, mapazi ake awiri 0.035 m², ndiye kuti 17,000 Pa. Aphunzitsi, ndiye kuti munthu amatitimira pang'ono kuposa ngamila? Eya, ataima chilili ndi choncho ndithu. Phazi la ngamila ndi lodabwitsa tikaliyerekeza ndi nyama zina zolemera ngati iyo, osati ndi la munthu. Ndiye munthu amakwereranji ngamila? Chifukwa kuyenda wapansi pamchenga kumadya mphamvu kwambiri, mchenga umathawa phazi likamakankha, ndipo mphamvu yochuluka yothera m'thupi imasanduka kutentha komwe kumafuna thukuta. Chifukwa china n'chakuti mpweya wotenthetsetsa umakhala wa pansi penipeni. Wokhala pamsana pa ngamila ali pafupifupi mamita awiri kuchoka pamchenga, komwe kuli kamphepo ndipo n'kozizirirako. Miyendo yaitali ija imachitira ngamila yomwe ntchito yofanana.

Kukwera kwake nako kuli ndi malamulo. Ngamila imakwereka itagwada. Podzuka imayamba kuimika miyendo yakumbuyo, ndiye msana umapendekera kutsogolo mwadzidzidzi. Wotsogolera amafuula kuti mlendo agwire zolimba n'kutsamira kumbuyo. Akumuuza kuti centre of gravity yake ikhalebe pamwamba pa chishalo, apo ayi adumphira pakhosi pa ngamila n'kukadya mchenga. Ikayamba kuyenda imasuntha miyendo iwiri ya mbali imodzi nthawi imodzi, kenako ya mbali inayo, osati mopingasa ngati mbuzi ikamathamanga pang'ono. Wokwerayo amagwedezeka uku ndi uku ngati ali m'bwato pa Chiuta mwera ukuomba, ndipo ena amachita nseru.

Madzi sali m'linunda

Ili ndi bodza lofala zedi, ndipo lina ndimalipeza m'makope mwanu. Linunda la ngamila ndi mafuta. Ngamila ikasowa chakudya nthawi yaitali linundalo limafota n'kugwera kumbali. Ubwino wosunga mafuta pamalo amodzi ndi wakuti mafuta sadutsitsa kutentha, ndiye akanakhala pansi pa khungu thupi lonse akanakhala ngati bulangete losavula.

Chinsinsi chenicheni anachipeza ndi Knut Schmidt-Nielsen ndi anzake, amene anakayeza ngamila ku Béni Abbès m'dziko la Algeria m'zaka za m'ma 1950. Thupi la munthu limakakamira pa 37°C, likangokwera pang'ono thukuta layamba. Ngamila ikakhala kuti yasowa madzi siikakamira. M'mawa thupi lake limatha kukhala pa 34°C, ndipo imalilola kukwera mpaka kupitirira 40°C chakumadzulo isanayambe kutuluka thukuta lambiri. Kutentha kumene yasunga masanawo imakutaya usiku kwaulere, kunja kukazizira.

Tiwerengere kuti yapulumutsa madzi angati. Thupi la nyama lili ndi specific heat capacity ya pafupifupi 3,500 J pa kilogalamu pa digiri. Ndiye 500 × 3,500 × 6 ikutipatsa 10,500,000 J. Kuti lita imodzi ya thukuta iume pakhungu imatenga pafupifupi 2,400,000 J, ija mumaitcha latent heat. Gawani, mupeza malita anayi ndi kakusefukira. Malita anayi patsiku, osachita kanthu kena koma kulola thupi kufunda. Pali phindu linanso: kutentha kumayenda kuchoka potentha kupita pozizira, ndipo kumathamanga kusiyana kukakhala kwakukulu. Thupi la 40°C m'mpweya wa 45°C limalandira kutentha kochepa kuposa thupi la 37°C.

Anthu omwewo anameta ngamila ina ubweya kuti aone ngati ingapepukidwe. Zinatembenuka. Yometedwayo inataya madzi ochuluka ndi pafupifupi theka kuposa yaubweya. Ubweya umatchinga kutentha kwa dzuwa kuti kusafike pakhungu, monga denga la udzu limachitira poyerekeza ndi la malata. Ngamila imathanso kuuma mpaka kutaya gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake osafa, ndipo ikapeza chitsime imamwa malita okwana 100 m'mphindi zochepa. Amenewo ndi majerikeni asanu a malita 20.

Munthu sangayese zimenezi. Thupi lathu likapitirira 40°C ndiye kuti ndi matenda oopsa, munthu amasokonezeka mutu, amagwa, ndipo amatha kufa. Chida chathu ndi thukuta basi. Munthu wokhala phee amapanga kutentha kwa 100 W, woyenda amapanga kangapo kuposa apo, kuwonjezera kwa dzuwa. Lita imodzi ya thukuta pa ola, ikauma yonse, imachotsa pafupifupi 670 W. Choopsa cha m'chipululu n'chakuti mpweya ndi wouma kwambiri, thukuta limauma lisanaoneke. Malaya amakhala ouma, munthu n'kumaganiza kuti sakutuluka thukuta pomwe madzi akutha m'thupi. N'chifukwa chake otsogolera amakakamiza alendo kumwa ngakhale asakumva ludzu. Kuno n'zosiyana. Mwezi wa Januwale mvula ikangokata, mpweya umakhala wodzaza kale ndi nthunzi, thukuta limangoyenderera osauma, ndipo thukuta logwera pansi silinaziziritse aliyense. Mtsuko wa agogo umagwira ntchito ngati khungu: madzi amadonthera pang'ono m'timabowo ta dothi n'kuuma kunja, akutenga kutentha kwa madzi otsala m'kati. Mukayesa mudzapeza kuti umaziziritsa bwino mu Seputembala kuposa mu Febuluwale.

Za zovala nazo anthu amatsutsana. Buku limati chakuda chimayamwa kutentha, choyera chimabweza, ndipo n'zoona. Nanga bwanji anthu ena a m'chipululu amavala mikanjo yakuda? Mu 1980 magazini ya Nature inasindikiza kafukufuku wa ku chipululu cha Negev pa funso lomweli. Anapeza kuti mkanjo wakuda umayamwadi kutentha kochuluka, koma kofika pakhungu la wouvala kunali kofanana ndi kwa mkanjo woyera. Mikanjoyo ndi yotakasuka ndiponso yochindikala, ndipo mpweya woyenda pakati pa nsalu ndi thupi umachotsa kutenthako kusanafike. Koma samalani, tisheti yakuda yothina si mkanjo. Ndipo MANEB ikafunsa mtundu wa chovala choyenera padzuwa, lembani choyera.

Dzuwa likalowa

Tsopano tafika pa jekete ija.

Chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, kotchedwa infrared. Mumakumva patsaya mukayandikira khoma la njerwa madzulo. Nthaka ya 30°C imatulutsa pafupifupi 480 W pa square metre, usana ndi usiku womwe. Masana dzuwa limabwezera zochuluka kuposa zimene zikutayika. Likalowa, zolowa zimachepa kwambiri, koma zotuluka zikupitirirabe.

Chimene chimatipulumutsa ndi nthunzi ya madzi ya mumpweya pamodzi ndi mitambo. Zimayamwa infrared yochoka pansi n'kubweza ina pansi pomwepo. John Tyndall anayeza zimenezi mu labotale yake ku London cha m'ma 1859 mpaka 1861, ndipo anapeza kuti oxygen ndi nitrogen, zomwe ndi pafupifupi mpweya wonse, zimangoilola infrared kudutsa, pomwe nthunzi ya madzi ndi carbon dioxide zimaigwira. Mwa njira ina, mutu wonse wa kusintha kwa nyengo wagona pa kuyeza kumeneku. M'chipululu nthunzi ndi yochepa, mitambo kulibe, ndiye infrared yambiri imangopita kumwamba osabwerera.

Kumbukiraninso kuti kutentha konse kwa masana kunali m'kagawo kopyapyala ka pamwamba. Mchenga unatentha kwambiri koma sunasunge zambiri, uli ngati munthu wovala suti yodula m'thumba mulibe kanthu. Kutentha kwa pansi sikungakwere msanga kudzathandiza, chifukwa mchenga womwewo sukudutsitsa. Choncho pamwamba pamazizira mofulumira, n'kuziziritsa mpweya wogundana napo. Kusiyana kwa madigiri 15 kapena 20 pakati pa masana ndi usiku si chachilendo. Ku Merzouga miyezi ya Disembala ndi Januwale, yomwe ndi nyengo yawo yozizira, masana kumakhala kofunda bwino koma mbandakucha kumatha kufika pa 0°C. Mu Julayi, masana akapitirira 40°C, usiku sukhala wozizira chotero, kumangotsika kufika popumira. Choncho si zoona kuti usiku uliwonse wa m'chipululu ndi wachisanu, zimadalira pomwe kutsikako kwayambira.

Anthu akale a ku Iran anaigwiritsa ntchito nzeru imeneyi. Ankathira madzi m'maiwe osaya usiku wa nyengo yozizira, kumwamba kuli mbee, madziwo n'kuuma kukhala ayisi, yemwe ankamusunga m'nyumba zadothi zotchedwa yakhchal mpaka nyengo yotentha. Firiji yopanda ESCOM.

Kuno timaziona mu Juni ndi Julayi. Usiku wa nyenyezi zambiri, m'mawa mwake ndi uja mumafika kusukulu manja ali m'khwapa, mame ali mbuu paudzu. Usiku wa mitambo m'mawa mwake sikuzizira chotero. Agogo akamati lero kwayera, tengani bulangete lina, akunena za Tyndall yemweyo. Okhala pafupi ndi nyanja ali ndi mwayi pang'ono, chifukwa madzi amasunga kutentha kwambiri n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku wonse. Ndiye taganizani za Chilwa. Ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo, madzi ake amachoka pouma basi, ndipo n'chifukwa chake ali ndi mchere pomwe a Chiuta, omwe amatulukira ku Amaramba n'kukathira mu Lugenda ku Mozambique, alibe wochuluka chotero. Chilwa inaphwa mu 1968 ndi 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inaumanso. Nyanja ikaphwa chotero, malo amene anali madzi a 4,200 amasanduka dothi long'aluka, lotentha msanga masana ndi kuzizira msanga usiku. Kwa miyezi imeneyo asodzi amakhala akuyenda wapansi pa kachipululu kawokawo, mabwato ali pamtunda.

Mukhoza kuyesa nokha Loweruka. Tengani mbale ziwiri zofanana, ina mudzaze mchenga wouma, ina madzi, muziike padzuwa kuyambira 9 koloko. Gwirani ndi chala kapena kubwereka thermometer ku labotale, muyeze 1 koloko masana, 7 koloko madzulo, ndi 5 koloko m'mawa. Ngati muli ndi mbale yachitatu ya mchenga, muiike pansi pa khonde usiku, ina ikhale pabwalo poyera. Ya pansi pa khonde mudzaipeza yofundirapo m'mawa, chifukwa denga lachita ntchito ya mtambo.

Tenti nayo ndi mtambo wa munthu mmodzi. Siipanga kutentha, imangotchinga kumwamba kozizira ndi mphepo. Bulangete nalonso silipanga kutentha, limagwira mpweya kuti usayende, ndipo wotenthetsa ndi thupi lanu la 100 W lija. Chimene alendo ambiri amaiwala ndi pansi. Thupi likagundana ndi nthaka yozizira kutentha kumadutsa mwachindunji, ndipo bulangete logonera limaphwanyika n'kutaya mpweya wake. N'chifukwa chake m'matenti amayala makapeti ochindikala ndi matiresi. Wogona pamphasa mu Juni achita bwino kuika bulangete lina pansi kusiyana n'kuunjika onse pamwamba.

Apa pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna muchiwerenge mothamanga. Kukazizira, kaya ndi mu tenti ku Sahara kaya m'chipinda cha self-boarding pafupi ndi sukulu, anthu amakopeka kulowetsa mbaula ya makala n'kutseka chitseko. Makala oyaka pomwe mpweya ukuchepa amatulutsa carbon monoxide. Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa, ndipo umagwira magazi mwamphamvu kuposa oxygen ka 200 ndi kupitirira. Munthu amayamba ndi mutu, kenako tulo, ndipo ena sadzukanso. Makala ofiira osatulutsa utsi ndi oopsa chimodzimodzi. Otsogolera odziwa ntchito amakoleza moto pabwalo, anthu amaotha pamenepo, akamakagona moto umatsala kunja. Mbaula igone panja.

Pamoto pamenepo eni ake amaimba ng'oma, ndipo alendo amadabwa kumva ng'oma za msasa wina wakutali ngati zili pafupi. Phokoso limathamanga m'mpweya wofunda kuposa wozizira. Masana wofunda uli pansi, ndiye mafunde a phokoso amapindikira m'mwamba n'kutayika. Usiku zimatembenuka, wozizira uli pansi wofunda pamwamba, ndipo mafunde amapindikira pansi n'kufika kutali. Ndi mirage yomwe ija, kungoti ya makutu ndiponso yozondoka. Ndi chifukwa chake kuitana kwa kumzikiti kwa mbandakucha kumamveka midzi ingapo pomwe kwa masana kumathera pafupi, ngakhale kuchepa kwa phokoso lina usiku nako kumathandiza.

Malo omanga msasa sasankhidwa mwachisawawa. Chigwa cha mtsinje wouma chimaoneka chabwino, chosalala ndi chotchingika ku mphepo, koma odziwa sagonamo. Nthaka ya miyala yopanda zomera siimwa madzi, ndiye mvula ikagwa kumapiri kutali, madzi onse amathamangira m'chigwamo n'kufika pomwe sipanadonthe n'komwe. Mu Seputembala 2024 kum'mwera chakum'mawa kwa Morocco kunagwa mvula yoopsa, ku Tagounite yoposa mamilimita 100 m'tsiku limodzi. Anthu anafa, misewu inaduka, madzi anaima pakati pa milu ya mchenga ya ku Merzouga, ndipo nyanja ya Iriqui yomwe inali youma kwa zaka zambirimbiri inadzaza. Ife amene tinaona Freddy mu Malichi 2023 sitifunika kuuzidwa mmene madzi ochokera kuphiri amabwerera.

Kuzizira kumafika pachimake dzuwa litatsala pang'ono kutuluka, osati pakati pa usiku, chifukwa nthaka imakhala ikutayabe kutentha mpaka dzuwa litayamba kubwezera. Ndi nthawi yomweyi imene alendo amadzutsidwa kuti akwere mulu wa mchenga akaone dzuwa likutuluka. Mulu uli ndi mbali ziwiri zosiyana. Yoyang'ana komwe kukuchokera mphepo ndi yotsetsereka pang'ono ndipo ndi yolimba, chifukwa mphepo yaupanikiza mchengawo. Mbali inayo ndi yophedukira, pafupifupi madigiri 34, ndipo siingapitirire pamenepo. Mchenga wouma ukaunjikana kuposa apo umagumuka wokha mpaka ubwerere pa ngodya yomweyo. Thirani mchenga wouma pansi kuchokera m'chitini, muyeze mbali ya kamuluko ndi protractor, kaya kakhale kakang'ono kaya kakakulu, mupeza nambala yoyandikira imeneyi. Wokwera mbali yophedukirayo amaponda masitepe atatu n'kubwerera awiri. Pa pepala, munthu wa makilogalamu 60 wokwera mamita 150 amafuna 60 × 10 × 150, ndiye kuti 90,000 J. Pamchenga amalipira kangapo kuposa apo, chifukwa mbali ina ya ntchito yake ikupita pokankhira mchenga pansi. Wotsogolera amawadutsitsa pamsana penipeni pa mulu, pomwe mchenga ndi wolimba, ndipo m'mawa chonchi amatha kuyendapo opanda nsapato mchenga uli zii.

Pobwerera ku Merzouga jekete imavulidwa dzuwa likangokwera pang'ono, chifukwa kagawo ka pamwamba kaja kamafunda msanga ngati mmene kanazizirira. Pofika, ngamila imagwada kuti mlendo atsike, ndipo ulendo uno imayamba kupinda miyendo yakutsogolo. Msana umapendekeranso kutsogolo ngati podzuka paja, ndiye lamulo ndi lomwe lija: gwirani zolimba, tsamirani kumbuyo, musatsike mpaka miyendo yakumbuyo nayo itafika pansi.